Kapu ya Kyutekisi Wofiira

Wezi mwana wanga,

Wapita ku Bandawe kukatsanzikana ndi agogo ako, ndipo ndikudziwa kuti sakumasula usanadye kawiri, ndiye ndapeza mpata wokhala pakhonde ndi cholembera dzuwa likadali pamutu. Ukabwerako nyumba ikhala itadzaza azakhali ako ndi ana awo, ndipo zimene ndikufuna kukuuza si za makutu ambiri. Komanso umandidziwa. Ndikayamba nkhani yowawa pakamwa ndimathera kukukalipira za tsitsi kapena za foni. Kalatayi ndiyiika pansi pa zitenje m'chikwama chako. Uyitsegule basi itadutsa Dwangwa, osati isanatero, chifukwa iwe ungatsike n'kubwerera.

Ndinkaganiza kuti tsiku loti ukayambe ntchito ku hotela ku Lilongwe likadzafika, ndidzakulangiza za kusunga nthawi, za kupemphera ndi za anyamata a matayi. Zimenezo wazimva mpaka zakukwana. Lero ndikulembera zina, zimene ineyo ndi imvi zangazi ndaziphunzira mwezi uno womwe, ndipo mpaka pano mutu wanga sunabwerere m'malo. Ntchito yanga ya ku loji ili pendapenda, Wezi. Mawa iwe ukulowera kumwera, ine ndikwera minibasi ya ku boma kupita kwa a leba, oona madandaulo a antchito, kumene ine ndi a manijala athu taitanidwa. Mwina ndikabwerako ndidakali wophika, mwina ndikabwerako ndili mayi wongolima chinangwa. Pakhomo pano abambo ako okha ndi amene akudziwa. Pamwamba pa zonsezo pali mawu amene wandiuza m'mawa uno tikupinda zovala zako, amene sakundichoka m'mutu. Ndifikapo, koma undilole ndiyambire kumene zinayambira.

Chaka chatha, mvula isanagwe, mnzanga wina wa m'khitchini anandikokera kuseri kwa shedi ya nkhuni. Dzina lake sindilemba, ndipo usayambe kuwerenga anthu ndi zala kuti ndi uti. Pano ndizingomutcha mwini mankhwala. Ndi wamng'ono kwa ine, ali ndi kamwana, mwamuna anapita ku Joni n'kuiwala njira yobwerera. Anandiuza kuti amamwa ma ARV. Kuchipatala mankhwalawo amapereka Lachiwiri, ndipo palibe wa pa Chintheche amene sadziwa benchi ya Lachiwiri ndi chitseko chimene imayang'ana. Iye Lachiwiri amakhala pa shifiti, ndiye kupempha chilolezo tsiku lomwelomwelo nthawi zonse kunali kudzilengeza yekha. Ine Lachiwiri ndi ofu yanga. Anandipempha kuti akandilembetse kukhala gadiyani wake, munthu wololedwa kumutengera mankhwala pamene adokotala sakufuna kumuona iye mwini. Ndinavomera pomwepo, ndipo ngakhale lero ndikhoza kuvomeranso. Abambo ako ndinawauza osatchula dzina, iwo anangoti ndi ntchito ya Mulungu n'kupitiriza kusoka ukonde wawo.

Tsiku lina nditangochoka pa benchi ija foni inalira, akuti kwabwera gulu la alendo mwadzidzidzi, ndithamange. Ndinakwera kabaza kulunjika ku loji ndi dengu langa, osadzera kunyumba. M'khitchini munali yakaliyakali, wina anakankha dengulo ndi phazi, botolo la mankhwala aja n'kugubuduka pa simenti likulira tcheketcheke mpaka kukaima pa phazi la NyaLongwe. NyaLongwe yemweyo, wamkulu wa oyala m'zipinda, amene anandiphunzitsa kuvundula kondowole, nsima ya chinangwa, nditangobwera kuchokera ku Ntcheu akazi a kuno akundiseka, amene anakunyamula tsiku la ubatizo wako. Analitola, analiyang'ana, anandipatsa ndi manja awiri osanena kanthu. Ine mumtima ndinati mayi uyu ndi munthu, waona ndipo watseka pakamwa. Ndinalibweza m'dengu n'kuyamba kupala nsomba za alendo.

Antchito timamwa tiyi kuseri kwa khitchini, makapu ali m'beseni imodzi, aliyense amangotola imene yamuyandikira. Posakhalitsa ndinapeza kapu imodzi itapakidwa kyutekisi wofiira pa chogwirira, uja atsikana amapaka m'zikhadabo. NyaLongwe anandipatsa akumwetulira, akuti wamkulu wa khitchini sayenera kumalimbirana kapu ndi ana, iyi ndi yanga ndekha. Ukudziwa chimene mayi ako anachita? Ndinawomba m'manja. Ndinati yewo ukongwa, m'Chitonga changa chokhotakhota chija chimene umandiseka nacho, ndipo ndinanyada. Ndinkaitsuka ndekha, ndinkaikoleka pa msomali wakewake. Ndinkachita kudabwa ndi ulemu wa ana a masiku ano, kuti palibe ndi mmodzi yemwe amene anaikhudzapo.

Kenako a manijala anandiitana. Si munthu woipa nkhope, amalankhula motsitsa, akazi tonse amatitcha Ama. Anati aona kuti utsi ndi kutentha kwa mbaula zikundifooketsa, ndiye andisamutsa ndikathandize kochapa, kumene kumawomba kamphepo ka kunyanja. Ine amene sindinagonepo m'chipatala kupatula pokabereka inu! Koma ndinamva kukoma kuti pali bwana amene amaona thukuta la munthu. Ndinathokoza, ndipo mawa lake ndinawasenzera mkoko wa nthochi za kumunda kwathu. Mphika wanga anapatsa munthu amene ndinamuphunzitsa ndine kudula anyezi. Alendo atachepa nthawi ya mvula anandiuza kuti ndizibwera masiku ena okha. Mvula inatha, alendo anadzazanso, anzanga onse anabwerera pa masiku awo, koma anga sanabwerere. Apanso ndinati ndi ulemu wa ukalamba.

Imva apa, mwana wanga. Akakusuntha pa ntchito imene unalembedwa, akakuchepetsera masiku, akakupatsa chinthu chimene anzako sanapatsidwe, kaya chikhale chokoma bwanji, usathokoze usanafunse. Funsa mwaulemu, manja kumbuyo ngati ukufuna, kuti chifukwa chake n'chiyani, ndipo upemphe kuti akulembere. Ife anatilera kuti wamkulu akakupatsa kanthu umagwada n'kulandira, ndipo nanenso ndinakulera choncho. Kwa agogo ako uzichita zomwezo. Kuntchito mwambo umenewo wandipweteka ine, ndipo sindikufuna ukupwetekenso iwe. Ndikubwereza, usathokoze usanafunse.

Bwenzi mpaka lero ndikunyadira kapu yanga pakanapanda amayi a kutchalitchi. Unalipo tsiku limenelo, koma ndikufotokozera mmene ndinazionera ine. Ndinali nditangotula dengu la chinangwa chonyika, ndikuyanika pa thandala, manja ali mbuu. Ndinamva nyimbo ikukwera njira ya kwathu, amayi atavala zoyera zawo, timitolo pamutu, monga amachitira pokazonda odwala. Ndinayamba kuganiza kuti wadwala ndani m'mudzi muno ine osamva, mpaka ndinadzidzudzula kuti ndasanduka munthu wosadziwa za anansi. Nyimbo inakhota pa mtengo wa mango n'kulowa pabwalo pathu. Ndinayala mkeka, ndinapereka moni, ndikudikira kuti andiuze kuti tipitire limodzi kwa wodwalayo. Anayamba kumasula timitolo, muli shuga, sopo, ufa wa soya, mazira. Wina anandilanda dengu kuti ndisanyamulenso zolemera. Tinatsinzina, ndipo amayi otsogolera anapemphera kuti Ambuye alimbitse mtumiki wawo amene ali pa mayesero a matenda, kuti asatope kumwa mankhwala, ndipo anatchula dzina langa.

Ndinatsegula maso pakati pa pemphero, Wezi, chinthu chimene sindinachitepo chibatizidwire. Mitu yonse inali yowerama, milomo ikuti ameni, ameni. Ndinayang'ana manja anga, ndinayang'ana miyendo yanga, ngati kuti mwina ndikudwaladi ndipo ine ndekha ndi amene sanandiuze.

Powaperekeza ndinatsalira m'mbuyo ndi mayi wina wachikulire n'kumufunsa kuti zonsezi zachokera kuti. Anandigwira dzanja mwachifundo.

"Ama, musabisenso. Tose tikudziwa, kuyambira Kande mpaka kuno, kalekale. Ku loji si anakuchotsani pa mphika chifukwa chomwecho? Taona kuti tsopano mukungokhala pakhomo, tati mwafooka. Koma masiku ano si matenda oopa, anthu akunenepa nawo."

Pomwepo zonse zinabwera pamodzi: kapu, kochapa, masiku odulidwa, mbale ya masana imene anzanga anasiya kudyera nane limodzi akumati adya kale. Ndinakhala pansi pa mchenga panjira pomwepo. Miyezi yonseyi dzina langa linkatafunidwa pa msika, pa doko, pa mjigo, m'tchalitchi momwe, ine ndikuyenda pakati pawo ndikupereka moni mano onse ali panja.

Usandimve molakwa. Mayi uja ananena zoona, matendawa si manyazi, ndipo munthu womwa mankhwala ake akhoza kuphikira dziko lonse popanda vuto. Chinandiwawa n'chakuti anandiweruza, anandisamutsa, anandipatula, popanda mmodzi wobwera kudzandifunsa. Chinandiopsa n'chakuti zimene anandichita ine ndi zimene akanamuchita mwini mankhwala, amene alibe munda wa chinangwa kapena mwamuna wa ukonde woti adalire.

Mawa lake ndinachita chopusa china, ndipo uchimve bwino kuti usadzachichite. Ndinafika ku loji mtima uli moto, ndinamupeza NyaLongwe akutuluka m'chipinda cha alendo atanyamula mabedishiti, ndinamutsanulira zonse pomwepo. Mawu anga umawadziwa, amafika ku Makuzi popanda foni. Azungu amene ankadya chakudya cham'mawa anaika mafoloko pansi. NyaLongwe analira, akuti iye anangouza munthu mmodzi kuti azindipempherera, ndipo kapu anaipaka kuti anditeteze ine ku chifuwa cha ena. Mwina amakhulupiriradi zimenezo, sindikudziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti dzuwa lisanapendeke ndinali nditalandira kalata ya chenjezo kuti ndasokoneza alendo. Taona zimenezo. Miyezi yonse yondisala sanalembe ngakhale chilembo chimodzi, koma kukuwa kwanga kwa m'mawa umodzi anakulemba, n'kudindapo chidindo. Ukapsa mtima kuntchito, Wezi, tuluka, kasambe kumaso, kaume pakamwa mpaka mtima utsike. Amene anakulakwira amangodikira kuti nawe ulakwe kuti nkhani isanduke ya iwe.

Nditakhazikika ndinapempha kuonana ndi a manijala, n'kuwafunsa funso limene ndinayenera kufunsa chaka chatha. Anayamba ndi za utsi zija. Ndinawayang'ana osaphethira mpaka utsi unatha. Kenako anati alendo ndi anthu ovuta, eni loji ali kutali, mphekesera ikafika pa intaneti malonda afa, komanso m'khitchini muli mipeni, munthu akhoza kudzicheka. Ndiye anatsitsa mawu.

"Ama, nkhaniyi ndi yaing'ono. Pitani kuchipatala mukayezetse, mundibweretsere pepala. Likakhala labwino mubwerera pa mphika wanu pompano. Pamenepo tidzadziwa kuti botolo lija linali la wina, ndiye tidzapempha onse a m'khitchini abweretse awo, kuti zithe."

Ndinayesa makutu andinamiza. Ndinawapempha abwereze, anabwereza, akumwetulira ngati akundipatsa mphatso. Manja anga anali atafika kale pa mfundo ya epuloni kuti ndiivule ndiwaponyere pa tebulo. Chinandiletsa ndi zenera. Kuseri kwa a manijala ndinkaona pa sinki ya panja, ndipo mwini mankhwala anali pamenepo atawerama, akukwecha miphika. Ndinasiya mfundo ija, ndinati ndamva, n'kutuluka. Usadzasiye ntchito chifukwa cha mkwiyo wa tsiku limodzi. A leba anadzandiuza pambuyo pake kuti ndikanavula epuloni ija nkhani yanga ikanavuta, chifukwa a manijala akanangoti mayiyu anachoka yekha.

Tsopano ndikuuze mosapita m'mbali. Ine ndilibe kachilombo. Ine ndi abambo ako tinayezetsa, ndipo timayezetsa. Pepala limene a manijala akufuna ndikhoza kulipeza m'mawa umodzi, ndipo abambo ako anandiuza zomwezo, kuti ndisiye makani a Chingoni, ndikatenge pepalalo tikhale pamtendere. Iwe unali kumsika, sunamve, koma tinakangana mpaka nkhuku zinathawa pakhonde. Ndinawafunsa kuti pepala langa likafika pa tebulo paja, wotsatira kuitanidwa ndani. Malinga akuganiza kuti botolo ndi langa, mwini wake akugwira ntchito mwamtendere, mwana wake akudya. Tsiku limene ndidzadziyeretse ndi tsiku limene adzayambe kumusaka. Pamapeto pake abambo ako anafunsa kuti ofesi ya a leba imatsegula nthawi yanji.

Mwini mankhwala anandipeza pa chingwe ndikuyanika zochapa, maso ake atatupa.

"Ama, ndikanene kuti ndi anga. Simungafere ine."

Ndinamuuza kuti akangoyerekeza ndimukwapula ndi bedishiti yonyowa mpaka ku Kande. Anaseka akulira. Ndinamuuzanso kuti tsiku lake likakwana ndikakhalanso pa benchi ija, ndipo tsopano ndizikhala kutsogolo kwenikweni, poti onse akudziwa kale kuti ndi malo anga. Koma ndisakunamize kuti ndine wolimba mtima. Atachoka ndinabisala pakati pa mabedishiti ndikuganiza za sukulu ya ang'ono ako ndi za zaka zanga, kuti ndani angalembe ntchito mayi wa imvi amene dziko lonse likuti ndi wodwala komanso wolongolola. Mantha amenewo ndidakali nawo pamene ndikulemba pano.

Kwa a leba ndinapeza mayi wamng'ono, wosakuposa kwenikweni. Ndinadziwa kuti andifunsa funso lija, ndipo ndinali nditalumbira kuti sindiyankha. Ndinafotokoza zonse, ndikudikira, ndikudikira, funso osabwera. Pomaliza ndinafunsa ndine kuti kodi sakufuna kudziwa ngati ndili nako. Anati si nkhani yake, ndipo si nkhani ya a manijala. Anandiuza kuti lamulo la dziko lino sililola bwana kukakamiza wantchito kukayezetsa kachilombo kuti asunge ntchito, ndipo sililola kumusala, kumutsitsa kapena kumuchotsa chifukwa cha matendawo, kaya ali nawodi kaya anthu akungoganiza. Zaka zonsezi ndinkayesa kuti leba ndi ya anthu a m'maofesi ndi a m'maesiteti, osati ya ife a maepuloni.

Kenako anayamba kundifunsa zimene ndinalibe. Anafunsa kuti anandisamutsa liti, analipo ndani, ngati anandilembera. Ine ndinangoti inali nthawi ya mango. Chokhacho cholembedwa chinali kalata ya chenjezo, yonena za kukuwa kwanga. Anafunsa ngati pali chilichonse chooneka ndi maso, ndipo m'pamene ndinakumbukira kapu. Ndinakaichotsa pa msomali paja, ili m'dengu langa pano nditaikulunga m'kansalu. Sanandilonjeze kuti ndipambana. Anati a manijala akhoza kukana zonse, akhoza kunena kuti alendo anachepa, ndipo kugwirizana kukakanika nkhani imapita ku khoti la za ntchito ku Mzuzu, kumene imatenga nthawi.

Ndiye iwe usadzafike kumeneko chimanjamanja ngati mayi ako. Kuyambira tsiku loyamba sunga kalata yako yolembedwera ntchito pamalo pouma. Chikachitika chokayikitsa, lemba tsiku lake, mawu amene ananenedwa ndi amene analipo. Ukaitanidwa mu ofesi pa nkhani yolemera, pempha kuti mnzako mmodzi akhalepo. Mayi wa leba uja anandiuzanso kuti lamulo sililola tsankho chifukwa choti munthu ndi mkazi, kapena chifukwa cha mtundu wake, chilankhulo chake, chipembedzo chake. Ndinaganiza za iwe pomwepo. Kuno ine ndakhala mlendo wa ku Ntcheu mpaka imvi, kumeneko iwe ukakhala mtsikana wa kumpoto, ndipo tsiku limene udzakwezedwe padzapezeka wonong'ona kuti unamwetulira bwana. Usayankhe mphekesera iliyonse, ungatope. Koma tsiku limene mphekesera idzasinthe shifiti yako, malo ako kapena mmene akukulipirira, dziwa kuti yasiya kukhala nkhani ya pa tiyi, ndipo usachedwe monga ndachedwera ine.

Komanso usaganize kuti miseche imabwera ndi nkhope yoipa. Yanga inabwera ndi pemphero, shuga ndi mazira. Wina akadzakukokera pambali n'kuyamba kuti akukuuza iwe wekha kuti mumupempherere uje, umuyankhe kuti chabwino, tiye tikamupeze mwini wake tipemphere naye. Ukaona mmene miyendo yake ilemerere.

Tsopano ndafika pa iwe. M'mawa uno unali utatembenukira kukhoma, ukulimbana ndi zipi, ndipo unanena motsitsa ngati ukulankhula ndi chikwamacho.

"Amayi, mankhwala muzimwa nthawi yake. Ndiziimba foni tsiku lililonse kukukumbutsani. Mukafooka mundiuze, ntchito ndisiya."

Usanandiyang'ane n'komwe unatuluka kuti agogo akudikira. Ndinatsala nditagwira bulauzi yako. Nawenso, Wezi? M'nyumba mwanga momwe? Ndinkayesa kuti tsiku la amayi a kutchalitchi lija unaona kuti ndi misala monga ndinaonera ine, ndipo ndinatanganidwa ndi mkwiyo wanga moti sindinakufunse. Tsopano ndakumbukira kuti unawapatsa madzi amayi aja, unalandira shuga n'kukasunga, ndipo nkhope yako sinadabwe ngakhale pang'ono. Ndakumbukira mmene unkandilandira ndowa pa mjigo. Ndakumbukira kuti ntchito ya ku Lilongweyi unkaizengereza, ukuti tauni ndi yodula, mwina ufunsire konkuno ku Kande, ine n'kumakunena kuti ndiwe waulesi kapena pali mnyamata wa bwato amene wakuzunguza mutu.

Ndipo ndakumbukira kapu yanga ya kunyumba, yamalata yobiriwira ija, yogamphuka m'mphepete, imene ngakhale abambo ako saikhudza. Kuyambira holide imene unabwera kuchokera ku koleji ku Mzuzu nthawi ya mvula, unayamba kundilanda ndikumwa tiyi, n'kumwera pomwe ndamwera ine, makamaka pakakhala alendo. Tsiku lina NyaLongwe atakhala pa mkeka pano unachita kudutsa pakati pathu, unatenga kapuyo m'manja mwanga, unamwa mpaka pansi ukumuyang'ana m'maso. Ndinakumenya pa dzanja, ndinati sukulu yakuwononga, ndinapepesa kwa mlendo chifukwa cha mwana wopanda mwambo. Pamene ku loji ankandipakira kapu kuti milomo yawo isakhudze pamene pakhudza yanga, mwana wanga ankamwera dala pomwepo, pamaso pa munthu amene anaipaka, ndipo ine ndinathokoza uja n'kumenya uyu. Ndalira, Wezi. Ndalira mpaka bulauzi yako ndaichapanso, ikauma pa chingwe ndiyiika m'chikwama chako.

Koma ndikukalipirenso, poti ndine mayi ako. Unayenera kundifunsa. Wasenza chinthu chimenechi wekha nthawi yonseyi, ukulemba nacho mayeso, ukugona nacho, pamene funso limodzi likanakutula. Iwo anachita ndi mantha, iwe unachita ndi chikondi, koma nonse munagamula za ine osandifunsa. Kumene ukupitako, mnzako akadzapatulidwa, imwa m'kapu yake, inde. Koma ukamwa ukhale naye pansi, umufunse ngati akudziwa zimene zikunenedwa ndi ngati akufuna kulankhula. Akafuna, umuperekeze kwa a leba. Zimene akuuze zithere mwa iwe.

Ndiye tamva. Ntchito usasiye. Ndikapambana mawa usasiye, ndikagonja usasiye. Chinangwa chilipo, ukonde wa abambo ako sunawole, ndipo mayi ako ali ndi mphamvu zokwanira kukukwapula ukabwerera popanda chifukwa. Foni uziimba, koma uzindiuza za ntchito yako ndi zimene wadya. Anthu a kuno akakufunsa za ine usawatsutse, usawavomereze, ungoti amayi ali bwino. Kalatayi ukatha kuwerenga uing'ambe tizidutswa, usaijambule pa foni, usauze ngakhale mnzako wa pamtima, chifukwa muli moyo wa munthu wina.

Mawa pa siteji iwe ukaima mbali ya kunyanja kudikira basi ya kumwera, ine ndikawoloka msewu kudikira ya ku boma. Aliyense akhala ndi kapu m'katundu wake. Yofiira ndikaiika pa tebulo pamaso pa a manijala, ndikawapemphe anene okha kuti ndi ya chiyani. Yobiriwira ndiyikulunga m'chitenje pamodzi ndi kalatayi. Wakhala ukundilanda nthawi yonseyi, ndiye tenga, ndakupatsa ndi manja awiri. Iyi yokha ukhoza kuthokoza osafunsa.

Ndine mayi ako Nangozo, amene sakudwala china chilichonse koma kukusowa, ndipo kumeneko kwayamba kale iwe uli pa Bandawe pomwepa.